Mikanda yomwe ndinkabisira adokotala

Inu owerenga, banja langa linatha chifukwa cha ziwengo. Musaseke, chonde. Sindinachite chigololo, sindinatukwane apongozi, sindinabe kanthu ka munthu. Ziwengo basi, zomwe zija timangozitchula mocheza kuti uje nyama ya nkhumba imamuwenga. Ndikulemba izi mtima ukuwira, ndiye mawu ena akatuluka olasa mundikhululukire. Ndinakwiyira amene anali amuna anga, ndinakwiyira mayi awo, ndipo ndikakumbukira yankho limodzi limene ndinapereka kuchipatala ndimafuna kudziwomba mbama ndekha.

Ndimakhala m'mudzi wina chakufupi ndi Namitambo, kuno ku Chiradzulu. Ndimalima chimanga ndi nandolo, komanso ndili ndi kadimba ka tomato amene akachuluka ndimakagulitsa ku Limbe. Mwamuna ndinakumana naye pamsika pompano, wa kabaza wa njinga yamoto, munthu wansangala, wosamwa mowa. Kwawo ndi cha ku Mauwa. Monga timachitira kuno, iwo ndiwo anabwera kudzamanga kwathu, pamalo a mayi anga. Ukwati tinakadalitsa kutchalitchi, anthu anavina mpaka fumbi koboo. Ndiziwatchulabe kuti amuna anga kuti nkhani imveke, ngakhale mawuwo akundiwawa mkamwa.

Ukwati uli pafupi, amayi achikulire anandilowetsa m'nyumba kukandilanga monga amachitira ndi mtsikana aliyense. Zambiri zimene anandiuza si zolemba pano. Koma chimodzi ndichinena, poti ndicho chinandipweteketsa. Anandimanga mikanda m'chiuno, ya timagalasi tofiira ndi toyera totungidwa pa ulusi, nkundiuza kuti mikanda ndi ya mwamuna wako yekha. Diso la mwamuna wina lisaione, khutu la mwamuna wina lisamve kuti uli nayo, ndipo mkazi akavula mikanda ndiye kuti banja watopa nalo. Anabwereza mawu amenewa mpaka anandilowa m'mafupa. Pa amayi onse aja panalibe ndi mmodzi yemwe amene anawonjezera kuti, koma ukadwala dokotala umuuze.

Mikanda imeneyo ndinakhala nayo chaka chonse popanda vuto. Tsiku lina amuna anga anabwera kuchokera ku Limbe, kumene anakatula munthu, atanyamula kajumbo. Munali mikanda ina, yamakono, yosakaniza ndi tizitsulo tonyezimira ngati siliva.

“Yakaleyo ndi ya agogo, iwe,” anatero akuseka. “Vala iyi.”

Ndinasangalala, ndisaname. Ndi mkazi uti sangasangalale mwamuna atamukumbukira ali kutauni? Ndinavula yakale ija nkuvala yatsopano tsiku lomwelo. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ife tili kalikiliki kugalauza mizere kumunda, thukuta lili kamukamu.

Pasanapite masiku ambiri m'chiuno munayamba kuyabwa. Poyamba ndinati ndi nsungu za thukuta. Kenako ndinati ndi nsikidzi, ndipo ndinatulutsa matiresi ndi mabulangete panja, nkuthira madzi owira m'ming'alu ya bedi. Kenako ndinati mwina ndakhudza chitedze kudimba. Kuyabwa kwake sikunali kwa masewera. Ndinkaimika khasu pakati pa mzere, kuyang'ana uku ndi uku, nkuyamba kudzikanda ndi chitsononkho mpaka magazi. Panatuluka timatuza ting'onoting'ono totuluka madzi, khungu linafiira, kenako linada nkukhakhala, kuzungulira chiuno chonse ngati lamba.

Mwina mukufunsa kuti, nanga sunaone kuti zidzolozo zikutsata mikanda? Ndikuyankheni. Mayi anga amavala mikanda, anzanga onse amavala, ine ndemwe ndinali nditavala chaka chonse osamva kanthu. Chibadwire sindinamvepo kuti mikanda yadwalitsa munthu. Ndinkangoona ngati ikukhula pabala, osati kuti balalo yabweretsa ndi iyo.

Amuna anga ataona, nkhope inasintha. Anabwerera m'mbuyo ngati aponda njoka.

“Awa ndi mashingozi,” anatero. “Wazitenga kuti zimenezi?”

Inu akutali mwina simungamve kulemera kwa funso limeneli. Kuno tinaika anthu ambiri m'manda zaka za m'mbuyomu, ndipo m'mitu mwa anthu munakhazikika kuti chilonda choyenda m'thupi ngati lamba ndi chizindikiro cha kachilombo. Lero anthu akumwa mankhwala, ali ndi thanzi, akulima kuposa enafe, koma pakamwa pa anthu sipanasinthe. Amuna anga sankafunsa za matenda. Ankafunsa kuti ndagona ndi ndani.

Ine ndi amene ndinawakakamiza kuti tipite kuchipatala limodzi. Tili pamzere ndinasuzumira nkuona kuti amene akuona odwala tsiku limenelo ndi mwamuna, wachinyamata ndithu. Ndinanyamuka ngati ndikukataya madzi, ndinalowa m'chimbudzi chakuseri, ndinavula mikanda ija nkuimanga pansonga ya chitenje. Sindinaganizeko kawiri. Zinangochitika zokha, monga mmene munthu umavulira nsapato polowa m'nyumba ya eni.

Dokotalayo ntchito yake anaigwira, sindingamunamizire. Anayang'ana bwinobwino nkunena kuti awa si mashingozi. Anati mashingozi amagwira mbali imodzi ya thupi, amalekeza pamsana ndi pamchombo, ndipo amaotcha ngati moto, pomwe zanga zinazungulira konse ndipo zinkayabwa. Anandiyang'ana m'mipata ya zala nkufunsa ngati kunyumba kuli wina amene akudzikanda. Titati palibe, anati si mpherenso. Anati zikuoneka kuti khungu likudana ndi chinthu china chimene chikulikhudza. Anafunsa ngati ndasintha sopo wosambira, sopo wochapira kapena mafuta odzola. Ndinati ayi, ndipo zinali zoona. Kenako anafunsa funso lija.

“Mayi, pali chimene mumavala m'chiunomu? Lamba, lasitiki, chingwe cha mankhwala, mikanda?”

Anachita kuitchula dzina, abale inu! Ine ndinazyolika.

“Ayi, adokotala. Palibe.”

Amuna anga anali pompo, pampando wapambali, chipewa cha njinga atachikhazika pabondo. Iwo amene anaigula, iwo amene ankaiona tsiku ndi tsiku, anangoti duu, maso kudenga. Mfundo iyi muisunge, tikumana nayo kutsogoloku.

Anatiyeza magazi tonse awiri, kachilombo sikanapezeke. Anandipatsa mafuta opaka ndi mapiritsi ochepetsa kuyabwa. Potuluka ndinalowanso m'chimbudzi muja, ndinamasula nsonga ya chitenje nkuvalanso mikanda yanga. Mafuta aja ankayesetsa, zilonda zinkauma pang'ono, koma akangotha zonse zinkabwerera ndi ukali woposa kale. Ndinapitanso kuchipatalako kangapo, ndipo ulendo uliwonse ndinkayambira kuchimbudzi nkuthera kuchimbudzi.

Ndinkayesa kuti zotsatira za magazi zitonthoza nyumba. Kutani! Amuna anga anati kachilombo kamabisala. Anasamukira pabalaza nkumagona pamphasa. Anagula beseni lawo ndi sopo wawo, nkumaziika pamwamba pa kabati ngati m'nyumbamo muli wakhate. Anakauza mayi awo, mayi awo nkukauza amayi anzawo akutchalitchi, ati kuti andipempherere. Mukudziwa nokha kumene mapemphero otere amathera. Sabata isanathe mudzi wonse unali utadziwa, ndipo anali atandipezera kale chibwenzi: dalaivala wa lole imene imatinyamulira tomato kupita ku Limbe. Bambo wachikulire, wa imvi, amene ndinkangopatsana naye moni. Pamjigo amayi ankasuntha zidebe ndikafika. Wina anachita kutsuka chogwirira cha mjigo nditangomaliza kupopa, ine ndikuona, ndipo ndi mayi amene ndinamudikirira kuchipatala pamene ankachira mwana wake woyamba.

Patapita miyezi tinakayezetsanso. Kachilombo kanalibe. Ndinati tsopano munthuyu apepesa. Tili panjira anaimitsa njinga nkutembenuka.

“Nanga ngati si kachilombo ndi chiyani? Alipo matenda ena a kwa amuna amene makina saona.”

Asa! Munthu wayezedwa kawiri, dokotala wanena m'makutu ako kuti si mashingozi, koma iwe wagwira chimodzimodzi. Inu owerenga, munthu akafuna kukupeza wolakwa, ngakhale magazi ako omwe sakhala mboni.

Mvula itagwa, apongozi anga, mayi a amuna angawo, anatulukira atanyamula lezala ndi kabotolo ka mankhwala akuda amene anakatenga kwa sing'anga wa kwawo. Anakhala pakhonde nkuyankhula mofatsa, ngati munthu wachifundo.

“Apongozi, mankhwala awa sanama. Ngati thupi lanu ndi loyera, zilondazi ziuma. Koma ngati munapita kunja, zinyeka.”

Mayi anga anakana kwamtuwagalu. Anati mwana wanga sangatemedwe ngati mbava yogwidwa ndi mbuzi. Koma ine ndinavomera. Ndinkadziwa kuti ndilibe mlandu, ndipo ndinkafuna banja langa. Tinalowa kuchipinda awiriwiri. Anakweza mikanda ija m'mwamba, anatema mphini kuzungulira chiuno chonse pakhungu losupuka kale, anapaka zakuda zija ine ndikuluma chitenje, kenako ndi manja awo omwewo anatsitsa mikanda nkuibwezera pabala penipeni.

“Yokhayi musavule,” anatero. “Mwamuna angathawiretu.”

Tangoganizani nokha. Lezala pakhungu lodwala, mankhwala osadziwika kuti asakaniza chiyani, thukuta la kupalira, ndi tizitsulo tija pamwamba. Chikanauma ndi chiyani? Kunatupa, kunatuluka mafinya, kunayamba fungo loti ine mwini ndinkadzinyansa. Kwa iwo mlandu unali utagamulidwa. Amuna anga anamanga katundu panjinga masanasana, anthu ataima m'makonde kuonerera. Ndinagwada pafumbi, ndinagwira chiwongolero, ndinalumbira m'dzina la bambo anga amene ali kumanda.

“Mankhwala aja ayankha,” anatero. “Ine sindingafere pano.”

Analiza njinga nkumapita, kusiya nyumba imene njerwa zake tinaumba limodzi.

Ndipo atapita mikanda sindinavule. Apa ndi pamene pamandipsetsa mtima kwambiri. Ndinkati ndikavula ndiye kuti ndavomera kuti banja latha. Ndinkati tsiku lina abwera, apeza mphatso yawo ili m'chiuno, adziwa kuti ndinali wawo nthawi yonseyi. Ndinkasamba mosamala, kuitsuka mafinya, nkuibwezera. Chinthu chimene chinkandidya ndinkachisamala kuposa thupi langa.

Amene anandipulumutsa ndi atsibweni anga, alongo awo a mayi anga, amenenso anali nkhoswe ya banja langa. Anandipeza m'mawa wina ndili gone pakhonde, thupi lili moto, ndikunjenjemera. Sanafunse maganizo a munthu. Anapeza galimoto nkunditengera kuchipatala chachikulu. Tsiku limenelo nthawi yolowa m'chimbudzi panalibe, poti kuyenda komwe ankachita kundigwiriza. Namwino atamasula chitenje anapeza mikanda itamatirira m'zilonda, ndipo anaidula ndi sizasi osandifunsa. Ndinalira mokweza. Iwo ankayesa ndi ululu, koma ine ndinkalira banja. Namwinoyo anakaitana mayi wina amene amaona za matenda a pakhungu.

Mayiwo ananyamula mikanda ija nkuiyang'anitsitsa. Anandifunsa kuti ndinayamba liti kuivala. Ndinati Okutobala. Anafunsa kuti kuyabwa kunayamba liti. Ndinati Okutobala yemweyo, ndipo ndinadzimva ndekha chimene ndanena. Kenako anandigwira khutu.

“Mabowo alipo, koma ndolo simuvala. Chifukwa?”

Ndinawauza kuti ndili pasukulu ndolo za pamsika zinkanditupitsa makutu mpaka kutuluka madzi, ndiye ndinazileka. Anzanga ankandiseka kuti makutu anga ndi onyada, amafuna golide. Ananditembenuza nkundisonyeza ndi chala kabanga kakuda pamsana, pamene pamakhudza kachitsulo kokolera bra. Kabanga kameneko ndinakhala nako zaka, ndinkangoti ndi chibadwa.

Anandifotokozera m'Chinyanja chomveka, ndipo ndikubwerezerani mmene ndinamvera. Anati pali chitsulo china chotchedwa nikelo chimene amasakaniza m'ndolo zotchipa, m'mabatani a jinzi, m'mawotchi ndi m'zokongoletsa zambiri za pamsika. Matupi ena amadana nacho, ndipo thupi likadana nacho kamodzi siliiwala. Langa linayamba kalekale ndi ndolo zija. Thukuta limachititsa kuti chitsulocho chilowerere pakhungu, nchifukwa chake zinkakula ndikamalima. Anati ziwengo za mtundu umenewu zimabwera ndi chinthu chokhudza khungu: ena simenti, ena labala wa patapata, ena mankhwala odetsera tsitsi, ena utomoni wa mango, ena mankhwala amene timapopera tomato omwewa. Chizindikiro chake nchakuti zidzolo zimajambula chinthu chimene chazibweretsa. Wa wotchi zimamuzungulira pamkono, wa patapata zimatsata zingwe paphazi.

Anati ziliponso za mtundu wina, zobwera ndi chakudya, mankhwala akumwa kapena kulumidwa ndi njuchi. Zimenezo zimatupa mwadzidzidzi thupi lonse, mabangamabanga oyabwa, nkuzimiririka pakapita nthawi yochepa, koma zikafika potupitsa milomo kapena kubanikitsa munthu, ndi zothamangira nazo kuchipatala. Zina ndi zakumtundu, zimakonda ana, zimagwira m'makwinya a zigongono ndi kuseri kwa mawondo, makamaka m'mabanja amene muli mphumu. Kenako ananena mawu amene ndinawadikira miyezi yonse ija.

“Zonsezi sizipatsirana, mayi. Ndipo sizibwera chifukwa chogona ndi munthu.”

Ndinawapempha kuti abwereze atsibweni akumva. Anabwereza.

Anandigoneka masiku angapo chifukwa cha mafinya a mphini zija, ndikulandira majakisoni. Mikanda palibe, kuyabwa kunayamba kuchepa kokha. Zilonda zitauma ndinapitanso, ndipo mayi aja anati tiyeze kuti pasakhale kukayika. Anati kuzipatala zina amamata tinthu tambirimbiri pamsana kuti aone kamene thupi likudana nako, koma kwa ine wokayikiridwa anali kale m'manja. Anadula kachitsulo kamodzi pa mikanda ija nkukamata ndi pulasitala mkati mwa mkono wamanzere. Kumkono wamanja anamata kamkanda kagalasi ka pa ulusi womwewo. Anati ndisanyowetse, ndibwere pakatha masiku awiri. Ndisanafike ndi kunyumba komwe, ndinali nditayamba kupemphera kuti kuyabwe. Masikuwo atakwana anamatula, ndipo kumanja kunali see, ngati sipanakhalepo kanthu. Kumanzere kunali kofiira, timatuza tili mbwee, tofanana ndendende ndi tija ta m'chiuno.

Kuchokera kuchipatala ndinapita kwa atsibweni kukawauza kuti aitanitse ankhoswe msanga, banga lisanazimiririke. Chiuno sindikanaonetsa pagulu, koma mkono ndi wa aliyense. Anabwera amuna anga, mayi awo ndi nkhoswe yawo, tinakhala pabwalo pa mayi anga. Anthu ena anadziitana okha, nkumaima kumpanda ngati akudutsa. Sindinawathamangitse, ndinkafuna amve. Atsibweni atafotokoza zimene anamva kuchipatala, ndinaimirira, ndinapinda mkono wa bulauzi nkuonetsa aliyense mmodzimmodzi. Kenako ndinamasula nsonga ya chitenje nkuponya mikanda ija pamapazi pa amuna anga. Amayi ena anagwira pakamwa, ati ndaulula zakuchipinda pamaso pa amuna. Zakuchipinda! Pamene dzina langa linkagubuduzidwa pamjigo ndi dalaivala wa lole, zimenezo zinali za pabalaza?

“Chibwenzi changa ndi chimenecho,” ndinatero. “Munachibweretsa nokha kuchokera ku Limbe.”

Apongozi anga anayang'ana kumbali nkunena chapansipansi kuti ifetu sitimadziwa. Mawu akuti pepani sanatuluke, ngakhale za lezala lija. Amuna anga anatola mikanda, anaitembenuzatembenuza, ndipo ine ndinaona ngati maso awo alengeza misozi. Mtima wanga wopusawu unayamba kufewa. Kenako anadzutsa mutu.

“Nanga iwe bwanji sunawauze adokotala tsiku lija? Sanakufunse?”

Inu owerenga, ndinamva kutentha kuchokera kuphazi mpaka kuliwombo. Chimene chinandiwawa nchakuti funsolo linali loona. Koma linatuluka pakamwa pa ndani?

“Inu munali kuti?” ndinawafunsa. “Simunali pampando pambali panga, chipewa chili pabondo? Pakamwa panu panali potseka ndi ulusi?”

Amene anayankhula ndi nkhoswe yawo, atakhosomola kaye. Anati nkhaniyi yamveka, ndipo mayiwa alibe mlandu, koma pali kavuto pang'ono. Mnyamatayu atabwerera kwawo sanakhale yekha. Analowana ndi mtsikana wina wa konko, ndipo mtsikanayo ndi woyembekezera. Anati ngati ine ndingalole, akhoza kumasamala nyumba zonse ziwiri. Ndinaseka, abale, kuseka koipa. Munthu amene ankabisa sopo kuopa matenda anga a chiwerewere, miyezi yochepa yomweyo anali atapereka kale mimba kwina. Ndinawauza atsibweni kuti banja lithe pomwepo, ndipo linatha.

Musaganize kuti choonadi chitadziwika zinthu zinabwerera m'malo. Palibe amene anapita pamjigo kukalengeza kuti tinamunamizira. Mayi wotsuka chogwirira uja amandipatsa moni ngati sipanachitike kanthu. Ena mpaka lero amati nkhani ya mikanda ndinachita kupangana ndi achipatala. Dalaivala uja mkazi wake anamva, ndipo tomato wanga anasiya kunyamula kuopa mapokoso kunyumba kwake. Ine ndinachira. Ndolo sindivala, jinzi ya batani lachitsulo sindivala, kachitsulo ka bra ndimakasokerera kansalu. Matenda amene anandithetsera banja mankhwala ake anali sizasi ya namwino.

Tsono ndimvereni, inu atsikana ndi amayi anzanga. Dokotala akakufunsani chimene mumavala, mumadzola kapena mumapaka, nenani zonse, ngakhale zija anakuuzani kuti nzosaulula. Ziwengo za pakhungu nthawi zambiri sazipeza m'magazi, amazipeza m'mayankho anu. Ngati mukuchita manyazi ndi dokotala wamwamuna, pemphani namwino wamkazi, mumunong'oneze. Khungu likayamba kuvuta dzifunseni kuti chatsopano nchiyani pathupi panga, ngakhale chikhale mphatso ya munthu amene mumamukonda. Ndipo musalole munthu aliyense, kaya ndi mpongozi kaya ndi ndani, kuyeza khalidwe lanu ndi lezala.

Inu amayi olangiza, sindikuti lekani mwambo. Mikanda yagalasi munandimanga ija sinandilakwire. Koma mukamauza mwana kuti diso la mwamuna wina lisaone, malizani chiganizocho. Muuzeni kuti chipatala si mwamuna wina. Ndi mawu ochepa, sangakutopetseni.

Inunso abambo, mkazi akatuluka zidzolo funso loyamba lisakhale lakuti wazitenga kuti. Mufunseni ngati zikuwawa. Ndipo mukakhala naye pamaso pa dokotala, iye manyazi atamugwira, tsegulani pakamwa panu.

Posachedwapa ndinakumana nawo amuna anga akale aja pamsika, atabereka thumba la ufa kumbuyo kwa njinga. Anaima nkundifunsa ngati ndinachiriratu. Ndinati eya. Anati zikomo Mulungu, nkuliza njinga. Sindinawauze kuti kuyabwa kunatha koma khungu silinabwerere. Pamene panadutsa mikanda panatsala mzere wakuda, ndipo pamwamba pake pali zipsera za mphini za mayi awo, zondandalikana bwinobwino kuzungulira chiuno chonse. Ndikamasamba ndimazikhudza ndi zala. Imeneyo ndiyo mikanda imene banja lija linandisiyira, ndipo palibe chimbudzi chimene ndingalowe kuti ndikaivule.